MMENE TIDAGULIRA LAPUTOPU YA PAKHOMO PATHU

Laputopu yathu yakale idatisiya usiku wa Lachinayi lina m'mwezi wa Okutobala 2025, nyengo imene munthu amalemba thukuta lili kamukamu. Tinali pa tebulo la pabalaza, tilikukonza mafunso a masamu a ana a Sitandade 8, pamene m'kati mwake mudayamba kumveka kaphokoso konga ka wotchi yakale, kuti tiki, tiki, tiki. Zilembo zidaima, kenaka galasi lonse lidangoti bii. Tidaizima ndi kuiyatsanso katatu konse, monga amachitira munthu wosoŵa pogwira, koma siidadzukenso.

Sitingaidandaule kwambiri, pakuti idatitumikira zaka 11. Adatipatsa ndi alamu athu amene ankagwira ntchito ku Johannesburg m'chaka cha 2014, ndipo ngakhale pa nthaŵi imeneyo siinali yatsopano. Ife amene tidayamba uphunzitsi m'masiku a sitensulo, pamene mayeso ankatayipidwa pa makina otayipira ndi kupukusidwa pa Gestetner kufikira manja atada ndi inki, tinkaiona ngati chozizwitsa. Tinkalemberapo mayeso, mapulani a maphunziro, makalata, ndi mfundo za misonkhano ya akulu a mpingo. Ana athu adaphunzirira pomwepo kutayipa.

M'maŵa mwake tidapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta pa msika wa kwathu. Atamvetsera kaphokoso kaja, adapukusa mutu nati, "Aphunzitsi, disiki yapita." Adatifotokozera kuti makina akale otere amasunga zinthu pa kambale kamene kamazungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayenda kasingano koŵerenga. Kambale kameneka kakakalamba, kapena makina akagwa pansi ali moyaka, zonse zolembedwapo zingathe kutayika. Zathu zidatayikadi. Mabuku a mpingo adapulumuka chifukwa timalembanso pamanja m'kaundula, koma mafunso a mayeso amene tidasonkhanitsa kwa zaka khumi adapita. Padapitanso zithunzi za malemu mai athu otibala zimene tidajambula chaka chawo chomaliza, ndipo za izi sitifuna kunena zambiri.

Tsono nkhani yogula ina idafika pa mphasa, ndipo siidayambe bwino. Ndalama zimene zinali m'nyumba zinali za malata. Kwa zaka zinayi takhala tikumanga kanyumba kathu kumudzi, podziŵa kuti wogwira ntchito m'boma amapuma akafika zaka 60, ndipo tsiku limenelo nyumba ya sukulu imene tikukhalamoyi tidzaisiyira wina. Ndalamazo zidachokera ku soya ndi mtedza wa mai a kunyumba, ndi ku banki mkhonde imene iwo amasungako. Atamva maganizo athu adayamba akhala chete, kenaka adafunsa mofatsa kuti, "Bambo a ana, kodi nyumba ija tidzaifolera ndi laputopu?"

Funso limeneli linali la nzeru, ndipo tikupempha makolo anzathu kuti asalinyoze likafunsidwa m'nyumba mwawo. Si banja lililonse limene lifunika laputopu. Zambiri zimene anthu amati akufunira kompyuta, foni ya m'thumba imazichita kale. Koma ife tidapeza zinthu ziŵiri zimene foni siingathe. Choyamba, kunyamula mafunso a mayeso kupita nawo kwa otayipa a pa msika ndi kuwononga ndalama pa tsamba lililonse, komanso ndi kuika chinsinsi cha mayeso m'manja mwa anthu amene ali ndi abale awo m'kalasi mwathu. Chachiŵiri, mwana wathu wachisamba, mtsikana, akuchita maphunziro a ukachenjede ali pakhomo, ndipo ntchito ya masamba makumi aŵiri munthu sangailembe ndi chala chimodzi pa foni. Mai adavomera, koma adadula malire: theka la ndalama za malata, osapitirirapo ngakhale tambala.

Theka limenelo likadagula zambiri zaka zinayi zapitazo. Makompyuta onse amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya m'masitolo idatsata pomwepo, koma malipiro a mphunzitsi amayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya abulu.

Loŵeruka madzulo tidachita chinthu chimene tsopano tikuchiona kuti chinali chothandiza kuposa zonse. Tidang'amba pepala m'kope, ndipo aliyense m'banjamo adalemba ntchito imene adzagwire pa makinawo sabata ndi sabata, osati imene angakonde kudzagwira tsiku lina. Ife tidalemba mayeso, malikisi a ana, ndi makalata. Mtsikana adalemba za kuŵerenga mabuku a pa intaneti, kulemba ntchito za kusukulu, ndi kumvera aphunzitsi ake pa kanema. Mai adalemba za maŵerengero a ndalama za gulu lawo. Mzime wathu, mnyamata wa Fomu 3, adalemba mau aŵiri okha ndi zilembo zazikulu: maseŵera ndi nyimbo. Titaliyang'ana bwino pepalalo, tidaona kuti ntchito zonse, kupatula za mnyamatayo, ndi zopepuka, zosafuna makina amphamvu kapena a mtengo wapatali. Zimene zinkafunika ndi makina oyaka msanga, osunga moto nthaŵi yaitali, ndi otheka kukonzedwa kuno kwathu. Pepala limeneli tidaliika m'thumba la jekete popita ku tauni.

Usiku womwewo mtsikana adatiuza chinthu chimene sitinkachidziŵa, ndipo tikuganiza kuti makolo ambiri sachidziŵanso. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta ambiri m'dziko muno ndi Windows, ya kampani ya Microsoft. Windows 10, imene idatuluka mu 2015, idasiya kulandira chisamaliro cha nthaŵi zonse pa 14 Okutobala 2025. Tanthauzo lake si lakuti makina okhala ndi Windows 10 adazima tsiku limenelo ayi. Amagwirabe ntchito, koma mipata imene akuba a pa intaneti amaipeza siitsekedwanso, kupatula kwa amene adalembetsa chaka choonjezera chofika mu Okutobala 2026. Kuli ngati nyumba imene mmisiri wasiya kudzaikonza maloko: mungathe kugonamo, koma simungasungemo ndalama ndi mtima wokhazikika. Yoloŵa m'malo mwake, Windows 11, idatuluka mu 2021, ndipo siilandira makina aliwonse. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa, ndiye injini ya kompyuta, yosakalamba kwambiri. Kwa mapurosesa a Intel, malire ali kwenikweni pa m'badwo wa 8, umene udayamba kutuluka mu 2017. Kwa a AMD Ryzen, ali pa a nambala zoyambira 2000.

Tidamufunsa kuti, "Nanga m'badwo umenewo munthu amaudziŵa bwanji?"

Iye adaseka nati, "Bambo, mudzaona maŵa lake. Ingonditengani."

Tidapita ku Lilongwe Loŵeruka lotsatira, anthu anayi pa minibasi ya m'mamaŵa. Masitolo a makompyuta ndi ambiri, ena aakulu a magalasi, ena tizipinda tating'ono m'mene malaputopu aunjikidwa pa shelefu ngati mabuku. Ambiri a ameneŵa ndi a kaunjika, ochokera ku Britain, ku Dubai kapena ku South Africa, amene makampani a kumeneko adasiya kuwagwiritsa ntchito.

M'sitolo yoyamba wogulitsa adatilandira ndi ulemu wonse. Ataona imvi zathu ndi jekete, adatsitsa laputopu yaikulu yonyezimira ngati siliva nati, "Madala, musavutike ndi zinazi. Iyi ndi i7, yamphamvu kuposa zonse, ndipo muli kale Windows 11." Mtengo wake unali m'kati mwa malire a mai. Maso a mnyamata wathu adaŵala, ndipo kunena zoona athunso adaŵala, pakuti ngakhale ife tinkadziŵa kuti 7 amaposa 5, ndipo 5 amaposa 3. Tikadakhala tokha tikadatulutsa ndalama pomwepo.

Mtsikana adapempha kuti aiyatse. Adatsegula pamene alemba Settings, kenaka System, kenaka About, ndipo adatikodola. Pa mzere wa purosesa padalembedwa kuti i7-3520M. Adaika chala pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere nanong'ona kuti, "Bambo, 3 uyu ndiye m'badwo. Purosesa iyi ndi ya 2012." Mwa kuyankhula kwina, makina amene tinkafuna kugulaŵa anali a msinkhu umodzi ndi amene adangotifera kunyumba. Windows 11 imene inalimo idaloŵetsedwa mokakamiza, podumpha malire aja, ndipo eni ake a Windows sanalonjeze kuti makina otere adzapitiriza kulandira zokonza. Wogulitsayo sadaname, chifukwa inalidi i7, koma tsobola wakale saŵaŵa. Purosesa imeneyo ili ndi mitima iŵiri yogwira ntchito, pamene i5-8250U, ya dzina lotsika koma ya m'badwo wa 8, ili ndi inayi.

Inu achinyamata amene mumatumidwa ndi makolo kukagula zinthu zotere, gwirani mfundo imeneyi. Pepala lomatidwa pafupi ndi mabatani limanena banja la purosesa, koma si nthaŵi zonse pamene limanena m'badwo wake. Ŵerengani nambala yonse. Ikayamba ndi 2, 3, 4, 5 kapena 6, makinawo ndi okalamba, ndipo ngakhale ambiri oyamba ndi 7 ali kunja kwa malire. Kuyambira m'badwo wa 10 manambala oyamba amakhala aŵiri, monga i5-1135G7, umene ndi m'badwo wa 11. Kumapeto kwa 2023 Intel idayamba maina ena monga Core Ultra, koma otereŵa ndi atsopano ndithu, ndipo mtengo wake wokha udzakuuzani.

Tidatsazika mwaulemu ndi kupita kwina. M'sitolo yachiŵiri, yaikulu, tidaona laputopu yatsopano m'bokosi lake, yosakhudzidwapo ndi munthu, yokhala ndi galanti ya chaka chathunthu, pa mtengo umene tikadakwanitsa. Apa ndi pamene mtima wathu udavutika koposa. Munthu amene wakhala akuvala za kaunjika moyo wake wonse amalakalaka kamodzi kokha kung'amba yekha pulasitiki ya chinthu chatsopano. Ndiponso galanti si nkhani yamaseŵera kwa wogula ndi ndalama za malata. Koma mkati mwake munali purosesa yaing'ono ya Celeron, RAM ya 4GB, ndi mosungira zinthu mwa 64GB.

Manambala aŵiriŵa amasokoneza anthu, ndipo ife tidawamvetsa motere. Mosungira zinthu ndi nkhokwe, mmene chimanga chimakhala kufikira chitafunika. RAM ndi lichero, mmene mumaika chimene mukupeta pa nthaŵi imeneyo. Nkhokwe ingakule bwanji, lichero likachepa mudzapeta pang'onopang'ono. RAM ya 4GB ndi nkhokwe ya 64GB ndiwo malire otsikitsitsa amene Windows 11 imalola, ndipo Windows yokhayo imadya gawo lalikulu la zonse ziŵiri. Mtsikana akatsegula buku, kalata imene akulemba, ndi kanema wa mphunzitsi pa nthaŵi imodzi, makina otere amayamba kupuma ŵefuŵefu. Tidafunsa ngati RAM ingaonjezedwe m'tsogolo, ndipo wogulitsayo adanena moona kuti idaotcheredwa pa bolodi, siichoka. Sitikunena kuti makina ameneŵa ndi achabe. Kwa munthu wongolemba kalata imodzi pa sabata angathe kukwanira. Koma pepala la m'thumba lija linali ndi anthu anayi.

Pa shelefu yomweyo panali ina yatsopano ya i3 ya m'badwo waposachedwa, RAM ya 8GB, ndi SSD. Imeneyo ndiyo inali yoyenera banja longa lathu, ndipo amene thumba lake lilola agule yotere asacheuke. Mtengo wake unkafuna ndalama zonse za malata ndi mbuzi imodzi pamwamba. Tidayang'ana mai, mai adayang'ana kudenga, ndipo tidatuluka.

Dzuŵa lili paliwombo tidaloŵa m'kachipinda kena kopanda chikwangwani chokongola. Mwini wake, bambo wachikulire wa magalasi, atamva zimene zinali pa pepala lathu adatulutsa malaputopu aŵiri ofanana, akuda, osanyezimira, a galasi la mainchesi 14. Anali a mtundu umene amapangira maofesi, monga ThinkPad ya Lenovo, Latitude ya Dell, kapena EliteBook ya HP. Makina a mtundu umenewu amakhala ndi thupi lolimba, amatsegulidwa ndi sikuludiraiva wamba, ndipo popeza adabwera ambiri m'dziko muno, mabatire ndi matchaja ake savuta kupeza. Onse aŵiri anali ndi i5-8250U, RAM ya 8GB yotheka kuonjezera, ndi SSD ya 256GB. SSD ndi nkhokwe ya makono yopanda kambale kozungulira kaja. Mulibe choyenda m'kati mwake, choncho imapirira kugwedezeka kwa pa njinga ndi pa minibasi, ndipo makina amayaka pa masekondi ochepa. Yathu yakale tinkaiyatsa ndi kupita kukathira tiyi.

Pamaso, aŵiriwo anali mapasa. Kusiyana kwawo kunali m'batire, ndipo kwa ife batire ndi nkhani yaikulu kuposa liŵiro. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko ndi kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo mdima udakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku kwa nthaŵi yoposa chaka. Kapichira adakonzedwa mu 2023, koma magetsi sadaleke kuzima ku dera lathu, ndipo amakonda kuzima madzulo, nthaŵi yokhayo imene mphunzitsi amakhala pansi kuti alembe. Laputopu imene imazima pamodzi ndi getsi la kudenga yataya chifukwa chake chokhalira laputopu.

Ogulitsa onse amati batire limakhala maola anayi. Mtsikana sadatsutse, koma adatsegula pamene amati Command Prompt ndi kulemba mau akuti powercfg /batteryreport. Makinawo adatulutsa kalata ya mbiri ya batire lake. M'kalatamo muli manambala aŵiri oyenera kuwayerekeza: Design Capacity, ndiwo moto umene batire linkasunga lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, ndiwo umene likusunga tsopano. Ife aphunzitsi a masamu tidagaŵa pa pepala pomwepo. Loyamba linali litatsala ndi mphamvu yosafika theka. Lachiŵiri linali ndi magawo anayi mwa asanu. Bambo wa magalasi uja adaseka nati, "Achimwene, mwana uyu musamutaye." Ndipo sadakwiye, chimene chidatipatsa chikhulupiriro mwa iye.

Tidakhala m'kachipindamo ola lathunthu, ndipo sitichita manyazi kunena. Safunsa adadya phula. Tidadina batani lililonse kuyambira A mpaka Z ndi manambala onse. Tidabaya fulashi m'bowo lililonse. Tidalumikiza makinawo ku intaneti ya pa foni, tidayesa kamera ndi zokuzira mau, tidatseka ndi kutsegula chivundikiro kuti timve ngati mahinjesi ali olimba. Tidaonanso zilembo za pa mabatani, chifukwa ena ochokera ku Dubai amakhala ndi zilembo za Chiarabu, ndipo a ku Britain ndi a ku America amaika chizindikiro cha @ pa malo osiyana. Mtsikana adapempha kuti aloŵe mu BIOS, chipinda cha m'kati chimene makina amayambira, kuti aone ngati kampani imene inali nawo kale siidasiye loko wa mau achinsinsi, pakuti loko wotere ndi wovuta kuchotsa. Tchaja inali yakeyake, ya mano atatu a makona monga masoketi athu, osati ya mano obulungira a ku South Africa imene tidavutika nayo zaka 11 ndi kachipangizo kolumikizira.

Chotsiriza chinali lisiti. Tidapempha kuti alembepo nambala ya makinawo imene ili kunsi kwake, tsiku, dzina la sitolo, ndi lonjezo la miyezi itatu. Ena amaona ngati kumeneku ndi kukayikira munthu, koma malaputopu amabedwa kaŵirikaŵiri m'maofesi ndi m'masukulu, ndipo wopezeka ndi katundu wakuba amayankha mlandu ngakhale adagula ndi ndalama zake. Mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi sangafune kukafotokoza nkhani yotere ku polisi wopanda pepala m'manja. Zonenerera mtengo tidasiyira mai, amene m'mbuyo monsemo anali chete pa mpando. Adaima, nayang'ana mabatani othetheka ndi ngodya yoperepeseka monga amayang'anira nsomba pa msika, ndipo pofika potuluka mtengo unali utatsika, chikwama chili chaulere.

Tiyenera kunena chilungamo pa zofooka za chosankha chathu. Makina ameneŵa ali kale ndi zaka zisanu ndi ziŵiri kapena kuyandikira apo. Purosesa yake ili pa khomo penipeni pa malire a Windows 11, ndipo tsiku limene malirewo adzakwezedwe, idzakhala pakati pa zoyamba kutsala. Batire lake lidzafuna lina m'zaka ziŵiri kapena zitatu. Galanti ya miyezi itatu siifanana ndi ya chaka. Tidagula podziŵa zonsezi, ndipo ngati idzafa chaka chamaŵa tilibe munthu womuloza chala.

Pobwerera, mnyamata adakhala kumbuyo kwa minibasi, nkhope ili kuwindo, osayankhula. Tidayesa kumufotokozera kuti maseŵera amene iye amafuna amalira kachipangizo kapadera kojambula zithunzi, kuti makina otere amatentha, amatha batire msanga, ndipo mtengo wake ndi wa denga lonse. Adangoti, "Ndamva, Bambo," koma sadamve. Tidakumbukira mmene ifenso tidakwiyira pamene bambo athu adatigulira nsapato za pulasitiki m'malo mwa zachikopa, ndipo tidamusiya.

Mlongo wake ndiye adapeza njira. Patapita sabata ziŵiri adatenga mtembo wa laputopu yakale ija kubwerera nawo kwa wokonza wa pa msika, amene adachotsa disiki yakufa ndi kuikamo SSD yaing'ono yotsika mtengo. M'malo mwa Windows adaikamo Ubuntu, pulogalamu yaulere ya banja la Linux imene idayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Makinawo adadzuka. Batire lake lidafa kale, hinjesi imodzi ndi yomanga ndi tepi, koma akakhala pa soketi amayenda bwino kuposa mmene tidawadziŵira. Mnyamata adapatsidwa kuti akhale ake, ndipo tsopano amasakaniza nyimbo zake mpaka timachita kumuletsa.

Mai ataona yakaleyo ikuyaka adatiyang'ana nthaŵi yaitali, nafunsa kuti, "Ndiye bwanji sitidangokonza yomweyi?" Tidayankha za batire, za mapulogalamu amene sukulu ya mtsikana imafuna, za makina aŵiri m'nyumba ya anthu anayi. Mayankhowo ndi oona, koma sitinganene kuti adakhutira, ndipo ifenso nthaŵi zina usiku timadzifunsa. Kholo limene laputopu yake yafa liyambe lafunsa mmisiri chimene chafa ndi mtengo wochikonzera lisanakwere minibasi.

Pakhomo padakhazikitsidwa malamulo ochepa. Makina sakhala pa bedi kapena pa mphasa, chifukwa fumbi ndi nsalu zimatseka timabowo topumira. Kukayamba ziphaliŵali timazula tchaja, ndipo magetsi akazima timazulanso, kufikira atabwera ndi kukhazikika. Tidagula kabokosi koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Sabata yoyamba bandulo ya mwezi wathunthu idatha usiku umodzi, chifukwa Windows inkadzikonza yokha kudzera pa foni yathu. Mtsikana adatsegula pamene alemba Metered connection, ndipo tsopano zokonza zikuluzikulu timakatengera kumene kuli intaneti yosaŵerengera. Loŵeruka lililonse lomaliza la mwezi timakopera zonse pa fulashi imene imagona m'sutikesi ya zikalata, ndipo zithunzi timazisunga kuŵiri. Lamulo limeneli palibe amene adalitsutsa.

Chidatsala chinthu chimodzi chaching'ono. Ife tidaphunzira kulemba Chicheŵa chokhala ndi kadenga pamwamba pa w, ndipo pa mabatani palibe chilembo chimenechi. Pa yakale ija tinkachikopera kuchokera m'kalata ina nthaŵi zonse, ndipo kalatayo idapita ndi disiki. Mnyamata, amene tsopano adayambanso kutiyankhula, ndiye adatisonyeza kuti mu Word munthu amalemba 0175, nadina Alt pamodzi ndi X, ndipo ŵ amatulukira. Nkhani inoyi yalembedwa motero.

Mvula yoyamba idagwa nyumba ya kumudzi ili ndi denga mbali imodzi yokha. Zipinda ziŵiri zikudikirabe malata, ndipo pamwamba pa zipupa zake tidayala mapepala a pulasitiki otsendereza ndi njerwa kuti zisagumuke. Usiku wa mvulayo magetsi adazima monga mwa chizoloŵezi. Titabwera kuchokera kukafuna machesi, tidapeza mai atakhala pa tebulo, magalasi ali pa mphuno, kope la banki mkhonde lili pambali, akuloŵetsa maina a anzawo ndi chala chimodzi. Sadatukule mutu. Adangofunsa kuti, "Bambo a ana, chilembo chachikulu chimapangidwa bwanji?"